Mawanga pa Nkhope ya Elifala

Elifala akanatumiza chithunzi cha papepala ngati mmene amachitira anthu ena onse, nkhani ino sikanakhalapo. Koma Elifala anali atakhalitsa ku Joni, ndipo munthu akakhalitsa ku Joni amaiwala kuti kwawo ku Nachisaka chithunzi amachionera padzuwa, akatha n'kuchitsomeka kuseri kwa kalendala. Iye anatumiza disiki: kanthu kakuda kapulasitiki, kophwatalala ngati bisiketi, atakakulunga m'sokosi. Anapatsira dalaivala wa thiraki wa ku Mponela, pamodzi ndi mawu akuti, "Mukamuuze Rakele kuti nkhope yanga ili m'menemo. Zamapepala n'zachikale."

Rakele anakatembenuza kanthuko uku ndi uku, anakayang'ana padzuwa, anakagwedeza pafupi ndi khutu. Nkhope osaoneka. Mwana wake Iness anakalanda n'kukaponya mkamwa, mpaka anachita kumutsina tsaya kuti akalavule.

Chonsecho nkhopeyo inkafunika, ndipo inkafunika msanga. Elifala ndi amene anamupatsa Rakele mimba ali Fomu 2, sukulu n'kuthera pomwepo, iye n'kukwera basi ya ku Joni mimbayo isanayambe n'komwe kuoneka. Tsopano anali atatuma ankhoswe ake kuti akufuna kukonza zinthu: chinkhoswe anthu akamaliza kukolola, kenako adzatenge mkazi ndi mwana. Rakele ankafuna, ndipo sankabisa. Anali atatopa ndi kugona kwa amayi ake ngati mtsikana pamene ali ndi mwana woyenda, atatopanso ndi dzina loti "uja wa Fomu 2 uja". Komanso, tinene zoona, mtima unali ukadali komweko. Chaka cham'mbuyo, atamva kuti ku Joni kumazizira mpaka madzi kuuma m'mipope, anamulukira chipewa chaubweya. Chinali chobiriwira, koma ulusi unamuthera atafika pansonga, ndiye anamalizira ndi wofiira wotsala pa juzi ya mwana. Anachipatsira dalaivala yemweyo.

Koma mwini mbumba anali amalume ake, a Chikhumbo, ndipo a Chikhumbo anali atakumba nawo manda ambiri a anyamata obwera kuchokera kutauni m'zaka zimenezo, ndi matenda aja anthu sankawatchula dzina.

"Munthu wakhala kunja nthawi yonseyi," anatero, "sindingamupatse mwana wa mlongo wanga ndisanamuone masaya. Akakhala wathanzi, ankhoswe akewo tsiku lodzamva yankho ndidzawaphera nkhuku. Akakhala kuti wafooka, nkhukuyo ipulumuka."

Choncho tsiku la msika awiriwo anatsetsereka ndi kukwera mapiri kupita pa boma ku Dowa, amalume patsogolo ndi njinga yokankha, Rakele pambuyo ndi mwana kumsana, disiki ili m'sokosi yake.

Kompyuta imene munthu wamba akanaifikira inali ya Gregorio, m'kachipinda kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Gregorio anali mnyamata wa tayi, kutenthe kuzizire. Anaphunzira za kompyuta ku Lilongwe, ndipo ankadya za kutayipa makalata ofunsira ntchito ndi mapologalamu a ukwati.

"Mwabwera nthawi yabwino, madala," anatero akupukuta mpando ndi mpango. "Posachedwapa ndaikamo kadi yatsopano ya zithunzi." Analoza bokosi lofiira lokhala ndi chithunzi cha kavalo, limene analikhazika pashelefu ngati chithunzi cha ukwati. "Kompyuta payokha sidziwa kujambula. Chimene chimajambula pa sikirini apa ndi kadi ili m'katimo. Ndipo pa makadi onse, Kavalo ndiye tate. Osati makadi a mnzanga Sidik wa ku Ntchisi, otchedwa Mphezi aja, otentha ngati mbaula."

"Ife tabwerera nkhope, osati mahatchi," anatero a Chikhumbo.

Gregorio analowetsa disiki. Makina anakukuta mano kwa kanthawi, kenako chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono ngati munthu akutsitsa nsalu ya pazenera. Linayamba ndi tsitsi. Kenako chipumi, ndipo pachipumipo panali timadontho tapepo, tothithikana ngati chikuku. Masaya anatuluka a zigamba, china chotuwa, china chobiriwirako. Milomo inali psu! ngati wamwa magazi. Khosi lonse mawanga okhaokha. Kumbuyo kwake kunali chinthu chachitali chosadziwika bwino, chakuda ndi chofiirira.

A Chikhumbo anavula chipewa, monga amachitira akamadutsa pamanda.

"Ha! Mwana wa aphunzitsi uja anayamba chonchi."

"Amalume, tadikirani..."

"Khala chete, mwana iwe. Milomoyo sukuiona?" Anatembenukira kwa Gregorio. "Mnyamata, ndiuze chilungamo. Makina akowa amanama?"

Pakhomo panali pataima telala, tepi yake m'khosi, ndi wometa uja, lumo m'manja. Gregorio anawayang'ana, anayang'ana bokosi lofiira lija, n'kukonza tayi.

"Kavalo sanama, madala."

A Chikhumbo anavala chipewa n'kutuluka. Kunja kunamveka belu la njinga, kenako zii.

Rakele sanalire. Kulira amalira munthu amene wamaliza kuyang'ana. Iye anasendeza mpando, anamukhazika Iness pamiyendo n'kusuzumira pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Achimwene, pamwamba pa mutu wake apa n'chiyani?"

"Thambo limenelo, achemwali."

"Nanga thambo nalonso ladwala? Mawanga akewo ndi omwewo."

Gregorio anadzuka, anakatseka chitseko pamphuno pa telala, n'kubwerera akulankhula motsitsa mawu ngati ali pa siwa.

"Vuto si kadi ayi. Kadi ilibe mlandu. Vuto ndi madalaivala."

"Wa thiraki uja?"

"Ayi, achemwali. Ndi malangizo amene amabwera pa madisiki, ouza kompyuta mmene izilankhulira ndi kadi. M'bokosimo munali madisiki ake, koma ina inachita nkhungu nthawi ya mvula, denga likudontha. Popanda madalaivala kadi imangodziwa mitundu yowerengeka chabe. Ikasowa mtundu wa khungu imangodontheza umene ili nawo pafupi. Pa makalata sizivuta, kalata ndi yakuda ndi yoyera basi."

"Ndiye kuti kadi ndi kompyutayo akukhala nyumba imodzi popanda nkhoswe."

"Tingatero."

"Nanga bwanji simunawauze amalume?"

"Telala anali pakhomo. Mukufuna Dowa yonse imve kuti Kavalo wa Gregorio ndi wopunduka?"

"Dowa yonse imva kuti bambo wa mwana wanga akufa."

Ndipo inamvadi. Nkhani inafika ku Nachisaka iye asanafike. Pa mjigo amayi anayamba kumupatsa moni akuyang'ana mikono yake, ena kumufunsa mokoma mtima kwambiri ngati Iness akudya bwino. Zitumbuwa zimene ankagulitsa pamphambano zinkabwerera kunyumba zili m'beseni. Atawafotokozera amalume ake za madalaivala, iwo anangoseka chamumphuno.

"Mwini makina wanena yekha kuti sanama. Iwe wa Fomu 2 ukudziwa kuposa wa tayi? Chimene maso aona, pakamwa sipafufuta. Makina omwewo akadzandionetsa nkhope ina ndidzamva. Kupanda apo, ankhoswe abwerera ndi njala yawo."

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse la msika Rakele ankamanga mwana kumsana n'kukakhala pa benchi ya Gregorio. Anaphunzira zambiri zimene sanapemphe kuphunzira. Anaphunzira kuti pali kamzere kabuluu kamene kamakwawa pa sikirini madalaivala akamalowa, ndipo kamakwawa bwinobwino mpaka pafupi ndi mapeto, kenako kamaima n'kumaganiza za moyo wake. Anaphunzira kuti mankhwala a matenda onse a kompyuta ndi kuizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo mankhwalawo sachiza.

Ulendo woyamba Gregorio anali atabwereka madisiki kwa mnzake wa ku Lilongwe. Analowetsa, anazimitsa, anayatsa. Sikirini inada bii. Anadikira. Iness anakodza pansi, mkodzo unayenda mpaka pansi pa tebulo, sikirini ikadali bii.

"Ikuganiza," anatero Gregorio.

"Iganize msanga. Chimanga chayamba kulowa m'nkhokwe."

Ulendo wina zinadziwika kuti madisikiwo anali a Kavalo wina, mng'ono wake wa uyu, wofanana naye dzina ndi bokosi lomwe koma wosamvana naye chinenero. Chithunzi chinatuluka ndithu, koma Elifala anaoneka atatu, ataima mondondozana, onse opendekera kumanzere, onse odwala. Ulendo winanso kamzere kaja kanatsala pang'ono ngati chikhadabo kuti kafike, magetsi n'kuzima. Tsiku limene magetsi anakhala bwino, zilembo zinakula ngati za pa basi, ndipo pa sikirini ponse panangokwana khutu la Elifala lokha.

"Mukudziwa, achemwali," anatero Gregorio akupukuta thukuta ndi tayi, "ikanakhala Mphezi ikanapsa kalekale ndi zimitsa-yatsa ameneyu. Kavalo ndi wolimba. Chimene chikundipha ndi madisiki. A kuno onse ndi ankhungu. Ndikanakhala ndi disiki yabwino ngati yanu ya ku Joniyi, ndikanapita nayo ndekha ku Lilongwe kukakopera madalaivala enieni."

"Kulimba kwake ine kukundithandiza chiyani? Mwala nawonso ndi wolimba."

"Inu simungamvetse za makadi."

"Mphezi ija mumainyozayi, nkhope imaonetsa?"

Gregorio anayang'ana kudenga. "Imaonetsa. Koma mitundu yake ndi yaphokoso. Ilibe ulemu."

Sabata yomweyo ankhoswe a Elifala anatumiza mawu kuti Lamulungu likudzalo abwera kudzamva yankho. Rakele sanafunsenso munthu. Anasiyira amayi ake beseni la zitumbuwa, anakwera matola a ku Ntchisi, pamwamba pa matumba a mtedza, mphepo ya m'mapiri ikumulowa m'makutu, mwana atamufunditsa nsalu mpaka kumutu.

Rakele anamupeza Sidik m'sitolo ya bambo ake, pakati pa shuga, nsalu ndi matayala a njinga. Anali wamfupi, wandevu zoyamba kumene, wokonda kuseka asanamve nkhani yonse. Kompyuta yake inali kuchipinda cham'kati, itafunditsidwa nsalu yopeta maluwa ngati mkwatibwi. Atamva zonse anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Gregorio! Tinaphunzira kalasi imodzi ndi ameneyo. Ndinamuuza ine, aise, Kavalo amathamanga pabokosi pokha. Kadi yake siyoipa kwenikweni, koma amene amalemba madalaivala ake amalemba ali mtulo. Lero ikugwira, mawa yakwiya. Mphezi, mayi, mukangoika, basi. Ngati kuthira madzi m'kapu."

"Thirani tsono. Disiki ndi iyi."

Sidik anakanda ndevu. "Magetsi kulibe. Mtengo unagwera mawaya kuphiri uko. Akuti akonza."

"Liti?"

"Akuti akonza."

Rakele anakhala pa thumba la mchere n'kumuyamwitsa Iness, pakuti mwana sadziwa za mawaya. Ntchisi inali ndi kadi koma inalibe magetsi. Dowa inali ndi magetsi koma kadi yake inali yosalankhula. Iye anaona kuti vutoli silinasiyane ndi la munthu amene ali ndi ufa pamene nkhuni zili kwa mnansi.

"Kadiyo imachoka m'makinamo?"

"Imachoka. Kungomasula."

"Ku Dowa ingalowe?"

"Ingalowe, koma mayi, ine kusiya sitolo..."

"Gregorio akuti mitundu ya Mphezi ilibe ulemu. Akuti ikangogwira ntchito pang'ono imapsa ngati chimanga chootcha. Amanena pamaso pa telala ndi wometa."

Sidik anasiya kuseka. Analowa kuchipinda kuja n'kuchotsa nsalu yamaluwa. Misozi ya mayi sikanamuchotsa m'sitolo, ndipo Rakele analibe misozi yoti awononge. Koma nkhope ya Gregorio pamaso pa telala, imeneyo munthu akhoza kuikwerera matola.

Loweruka, mawa lake ankhoswe akubwera, onse anakumana m'kachipinda ka Gregorio kaja. Chinali chaka cha chisankho chachiwiri cha zipani zambiri, ndipo pamsika pankadutsa malole odzaza anthu oimba, lina likapita lina likubwera, fumbi lokhalokha. A Chikhumbo anabwera monyinyirika, baji ya chipani chawo chakale ili pa jekete. Mtundu wachikasu, umene unali wa chipani chinacho, sankafuna kuuona. Kunyumba anali atataya ndi kapu yapulasitiki yomwe chifukwa cha mtundu wake.

Sidik anatsegula chikwama n'kutulutsa bokosi la Mphezi. Linali lachikasu ngati dzira.

A Chikhumbo anadzuka. "Mwandiitanira zimenezi? Anthu awa atinamiza pa wailesi sizinakwane, tsopano alowa ndi m'makina momwe?"

"Bambo," anatero Sidik, "bokosili lachokera kutsidya kwa nyanja. Amene analipanga sadziwa n'komwe kuti kuno kuli chisankho."

"Ndi mmene amayambira. Ine chachikasu sichingandiuze zoona."

"Mwamva, aise?" anatero Gregorio mokondwa. "Madala akudziwa makadi."

Rakele anatenga bokosilo, anatulutsa kadi n'kupatsa Sidik, bokosi analiika pa benchi n'kulikhalira.

"Lasowa. Khalani pansi, amalume. Mwapalasa kale njinga."

Anamasula chivundikiro cha kompyuta. M'katimo munali fumbi ndi kangaude wouma. Gregorio anazula Kavalo wake ndi manja onse awiri, anamupukuta ndi mpango n'kumugoneka m'bokosi lofiira ngati wodwala. Sidik analowetsa Mphezi, anapinda mikono ya malaya, anayang'ana telala ndi wometa amene anali atafika kale pakhomo, n'kuyatsa.

Bii.

"Madzi m'kapu," anatero Rakele motsitsa.

"Yaopa!" Gregorio anaomba m'manja. "Yafika m'khola la Kavalo, yaopa!"

"Si kuopa," anatero Sidik, thukuta litayamba. "Ndi madalaivala ako theka-theka aja akadali m'katimu. Akukana kutuluka. Waunjikamo zinyalala za Kavalo aliyense amene anabadwa padziko."

"Kadi yabwino imalowa paliponse."

"Mkazi wabwino salowa m'nyumba katundu wa woyamba akadali pamphasa."

Anayamba kuchotsa zakale, wina akulanda mnzake mpando. Anazimitsa, anayatsa. Sikirini inasanduka yabuluu yonse, ndi mawu oyera achingerezi amene onse awiri anawawerenga mokweza, aliyense n'kumva kuti akunena mnzake. A Chikhumbo anatopa, anapita kwa wometa kukachotsa ndevu, anabwerako akununkhira sipiriti, anyamata akadali pa mkangano wa kadi iti imene azungu enieni amagwiritsa ntchito. Iness anagona, anadzuka, anadya nthochi. Kamzere kabuluu kanakwawa, kanaima, ndipo Rakele anapezeka akukapempherera monga amapempherera mwana wotentha thupi. Kanakwawanso. Kanafika.

Atayatsanso, sikirini inawala mwa mtundu wina. Ngakhale tizithunzi ta m'mbali tinaoneka tosamba. Sidik anang'amba chivundikiro cha katoni n'kuyamba kukupiza m'kati mwa kompyuta.

"Ukukupiziranji?" anafunsa Gregorio.

"Imakonda mphepo."

"Yayamba kutentha!"

"Lowetsa disiki, aise."

Nsalu ija inayambanso kutsika. Tsitsi lometedwa bwino. Chipumi chosalala, chonyezimira mafuta. Masaya odzadza ngati a mwana wa sikelo. Milomo ya munthu wamba. Khosi lamapindi awiri, likusefukira pa kolala ya suti. Thambo labuluu lopanda nthenda. Ndipo chinthu chachitali chija chinali galimoto yofiira, yopukutidwa mpaka kuwala, Elifala atayedzamira chitseko chake, mwendo umodzi pa unzake.

"Eee!" A Chikhumbo anamenya bondo. "Mkamwini! Taonani khosi limenelo! Ameneyu akudya nyama ameneyu. Galimotoyo ndi yake?"

Rakele ankadziwa kuti Elifala ndi wa m'dimba la maluwa kwa mwini kampani ina, ndipo galimotoyo mwina ankangoitsuka. M'chifuwa mwake munamasuka chinthu chimene chinali chitamangika kuyambira tsiku loyamba lija. Anamunyamula Iness n'kumulozera. "Ababa awo. Waona? Ababa."

"Wometa, telala, bwerani muone," anatero a Chikhumbo. "Mukauze anthu. Ndani ankati mkamwini wanga akudwala?"

Zikanathera pamenepo, nkhuku ikanafa mawa lake. Koma Sidik anali atakwera matola, ndipo sanafune kubwerera asanamalize mnzake.

"Gregorio, Kavalo wako angaonetse izi? Taona ulusi wa suti. Taona ngakhale pagalasi la galimoto, mitengo ikuonekera. Dikira ndikukulitsire, uone chimene chimatchedwa kadi."

Anakulitsa galasi la chitseko cha galimoto mpaka linadzaza sikirini. Munaonekadi mitengo, ndi mpanda wa njerwa. Munaonekanso amene anajambula chithunzicho. Anali mayi, kamera itaphimba nkhope yake, mimba itakankha diresi kutsogolo moti sipankafunika kufunsa. Kumutu kwake kunali chipewa chaubweya chobiriwira, chofiira pansonga.

Katoni ya Sidik inaleka kukupiza.

Rakele anayang'ana nsonga yofiirayo nthawi yaitali. Anaona ngakhale pamene anamangira mfundo polumikiza ulusi, pambali pang'ono, pamene ankati Elifala sadzazindikira. Mphezi inalidi kadi yabwino.

"Chipewa chimenecho ndinaluka ndine," anatero.

A Chikhumbo anatsokomola. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana chitsulo chofiira cha galimoto m'mphepete mwa sikirini.

"Palibe munthu apa. Ndi zithunzithunzi chabe izi. Ndinanena ine, zachikasu zimanama."

"Zoona, madala!" Gregorio analumpha. "Mphezi imawonjezera zake. Ikatentha imayamba kulota. Pa Kavalo mayi ameneyu panalibe."

"Pa Kavalo panalibe ndi galimoto yomwe!" anakuwa Sidik. "Kadi yanga sibereka anthu. Ndiponso siluka zipewa."

"Amalume," anatero Rakele, "masaya aja ndi khosi lija mwaziona pa kadi iti?"

"Zimenezo n'zoona, zikuoneka zokha."

"Galimoto?"

"Galimoto ndi galimoto."

"Ndiye kadiyi ikunena zoona kuyambira kutsitsi mpaka kumatayala, yangonama pagalasi pokha?"

A Chikhumbo anakhala pansi n'kusintha mawu, kukhala ofewa ngati a munthu wopempha moto. "Mwana wanga, tamvera. Tingoti ndi munthu. Mwina ndi wantchito mnzake anangobwereka chipewa, kumazizira kumeneko, unanena wekha. Ndipo ngakhale zitakhala zina, mwamuna ali kutali amafuna womuphikira. Iwe ndiwe woyamba, uli ndi mwana. Munthu wa khosi lotere sakanidwa chifukwa cha chipewa."

"Munamukana chifukwa cha madontho a makina."

"Amenewo anali matenda!"

"Analibe. Uyu ali naye." Analoza mimba ija ndi chala, osagunda galasi.

Anamumanga Iness kumsana, anakoka nsalu n'kuimanga mfundo yolimba pachifuwa. Anali atakwera mapiri onse aja kuti nkhopeyi iyere, ndipo inayeradi, kupitirira pamene anapempha.

"Mawa ankhoswe akabwera mukawauze zimene munakonza kuwauza zija, kuti ayi. Koma za matenda musadzatchulenso, inu kapena wina aliyense. Telala, wometa, mwaona nokha masaya. Munayendetsa nkhani yoyamba ija, muyendetsenso iyi, ifike mpaka pa mjigo wa kwathu. Munthuyu ali bwinobwino. Ali bwino moti akukwanitsa nyumba ina."

"Nanga nkhuku?" anafunsa a Chikhumbo mofooka, ngati kuti nkhukuyo ndiyo ikanasintha mlandu.

"Ikuikira. Isiyeni."

Gregorio anatulutsa disiki n'kumupatsa ndi manja awiri, maso ali pansi. Rakele anailandira, anaiyang'ana. Pakona panali tizipsera ta mano a Iness.

"Munati disikiyi ndi yabwino?"

"Yabwino kwambiri, achemwali. Ya ku Joni."

"Fufutanipo munthuyo. Mupite nayo ku Lilongwe mukatenge madalaivala anu aja, musadzadwalitsenso mwana wa munthu wina."

Anaisiya patebulo. Podzuka pa benchi paja bokosi lachikasu linali litaphwanyika, lophwatalala ngati disiki yomwe, ndipo Sidik analinyamula mwachisoni.

Kunja lole ina inkadutsa ndi nyimbo zake. Mphepo ya mwezi wa chisanu inali itayamba kutsika m'mapiri, ndipo Iness anayetsemula kumsana. Rakele anamugwira mutu: unali wozizira, wopanda kanthu. Anawoloka msewu kupita ku sitolo ya nsalu. Kumbuyo kwake, kudzera pa chitseko chotsegula, ankamvabe Gregorio akunena kuti Kavalo watsopano amene akubwera chaka chamawa adzathetsa mkangano wonse, Sidik akuyankha kuti abwere ndi madalaivala ake omwe, ndipo amalume akufunsa ngati pali njira yobwezera chithunzi chija pamene chinali, pa galimoto yonse.

M'sitolomo anapempha ulusi woluka, wa mtundu umodzi, ndipo anauza wogulitsayo kuti awonjezere mpukutu wina. Mutu wa mwana ndi waung'ono, koma ulendo uno sanafune kuti ulusi umuthere pansonga.